Matenda otupitsa miyendo sayambira kuukalamba

Zaka zonsezi ndakhala ndikumva kuti matenda otupitsa miyendo ndi maliseche ndi a akuluakulu, mwinanso olodzedwa. Ayi ndithu. Matendawa, omwe pa Chingerezi amati lymphatic filariasis, amayamba ndi nyongolotsi zofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo ambiri amawatenga ali ana. Nyongolotsi zake zimakhala m'timisempha ta madzi a m'thupi zaka 6 mpaka 8, mwana akusewera mpira osadandaula kanthu. Sikani ya ultrasound, younikira m'kati mwa thupi, imazionetsa zikuphiriphitha m'khwapa kapena m'mphechepeche. Mankhwala a albendazole ndi ivermectin amapha tiana ta nyongolotsizi m'magazi, ngakhale sabweza mwendo wotupa kale.

Mukakayika, pitani kuchipatala, amayeza magazi a pachala. Zamva-m'maluwa za pa WhatsApp musazitumize musanafunse azaumoyo.