Mtengo wa limu ya mapepala umagamulidwa kutali ndi kuno

Tsamba limodzi la A4, lija mumasindikizapo makalata mu ofesi, limalemera magalamu 5. Limu imakhala ndi masamba 500, ndiye kuti makilogalamu awiri ndi theka. Ife amene ntchito yathu ndi kuitanitsa mapepala kunja timayambira pamenepa powerengetsa ndalama, chifukwa pepala ndi katundu wolemera koma wotsika mtengo. Munthu amene wadzaza kontena ndi mafoni samva kupweteka kwenikweni akamalipira sitima ndi lole. Wa mapepala amamva, poti gawo lalikulu la ndalama zake limathera pa ulendo basi.

N'chifukwa chake mayiko ambiri amagula mapepala kwa oyandikana nawo. Kuno kummwera kwa Africa, mwini msika ndi South Africa. Malimu a Typek ndi a kampani ya Sappi, imene inayamba mu 1936, ndipo a Rotatrim ndi a Mondi, yomwe ili ndi mafakitale ku Durban ndi ku Richards Bay. Komabe mukayang'ana m'mashopu a zolembera mupezanso PaperOne wa ku Indonesia ndi Double A wa ku Thailand. Amenewa amadutsa nyanja yonse ya Indian n'kumapikisanabe pa mtengo, chifukwa mafakitale awo ndi akuluakulu zedi ndipo mitengo ya m'nkhalango zawo imakula msanga.

Nkhani ya mitengoyi ndiyo phata la malonda onsewa. Pepala limachokera ku phala la nkhuni, limene amalipanga pophika tizidutswa ta mitengo ndi mankhwala mpaka ulusi wake utalekana. Bulugamu ali ndi ulusi waufupi, wabwino pa pepala losalala lolembapo. Paini ali ndi ulusi wautali, ndipo ndi umene umalimbitsa makatoni ndi matumba a simenti. Ku Brazil bulugamu amadulidwa akatha zaka ngati 7 zokha, pamene ku Finland ndi ku Sweden paini amadikirira zaka makumi angapo. Ndiye kampani ya Suzano ya ku Brazil imaumitsa phala lake, n'kulimanga m'mabelo, n'kulitumiza ku China ndi ku Ulaya. China ndiye dziko lopanga mapepala ambiri pa dziko lonse, koma nkhalango zake sizikwanira, motero limagula phala lochuluka kunja. Mtengo wa phala ukakwera kumeneko, pakapita miyezi ingapo wosindikiza mabuku ku Limbe amauona pa invoisi yake.

Pa chaka dziko lonse limapanga matani pafupifupi 400 miliyoni a mapepala ndi makatoni, ndipo oposa theka ndi olongedzera katundu. Pepala la nyuzipepala likucheperachepera chifukwa anthu akuwerenga pa foni, ndipo mafakitale ambiri asintha makina awo kuti azipanga makatoni. Nyuzipepala za mayiko ang'onoang'ono ndi zimene zikuvutika nazo, poti ogulitsa achepa ndipo oda yawo ndi yaing'ono, amaiika kumbuyo kwa mzere.

Pali mbali ina imene anthu ambiri saidziwa: mapepala otha ntchito nawonso ndi malonda a pakati pa mayiko. Kwa zaka zambiri makontena amene ankapita ku America ndi ku Ulaya atadzaza katundu wa ku China ankabwerera ndi makatoni akale, m'malo mobwerera opanda kanthu. Panali zaka zimene China inkagula matani oposa 25 miliyoni a zinyalala zamapepala. Mu 2017 boma lake linalengeza kuti latopa ndi zinyalala za eni, ndipo pofika pa 1 Januwale 2021 linatsekeratu khomo. Makatoni aja anayamba kulowera ku India, Indonesia ndi Vietnam, ndipo makampani ena a ku China, monga Nine Dragons, anakagula mafakitale ku America kuti azipezabe zipangizo.

Kwa ife, chimene chimandiwawa ndi Chikangawa. Nkhalango ya paini ya ku Viphya, ya mahekitala oposa 50,000, inabzalidwa makamaka kuti idzadyetse fakitale ya phala imene inkayenera kumangidwa ku Chintheche, m'mphepete mwa nyanja. Fakitaleyo sinamangidwe. Inkafuna ndalama zankhaninkhani, panali nkhawa ya kuipitsa madzi a m'nyanja, komanso kufikitsa katundu wolemera chonchi ku doko kukanadya phindu. Mitengo ija inasanduka matabwa, ina inapsa ndi moto. Aneba athu a ku Tanzania anamanga yawo ku Mgololo, m'boma la Mufindi, ndipo imapanga pepala lolimba lamatumba.

Lero pafupifupi pepala lililonse limene mwana wa sukulu amalembapo linalowa kudzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena pa msewu kuchokera ku South Africa, ndipo linalipiridwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa limu unalumpha nthawi yomweyo, ngakhale kuti ku fakitale sikunasinthe kanthu. Kwa masukulu ndi maofesi amene amagula mapepala ambiri, langizo langa ndi loti oda ya nthawi ya mayeso aziipereka miyezi itatu isanakwane nthawiyo, chifukwa kuchokera tsiku limene banki yavomera kupereka madola mpaka tsiku limene lole yawoloka pa Mwanza, masabata amapita ambiri.