Simfoni yachisanu ya Beethoven ndi zimbale zake

Simfoni yachisanu ya wopeka nyimbo Ludwig van Beethoven, nyimbo yaitali ya magawo anayi yoimbidwa ndi gulu lalikulu la zoimbira, inaimbidwa koyamba mumzinda wa Vienna pa 22 Disembala 1808, makina ojambulira mawu asanabwere. Chimene anatisiyira mwini wakeyo ndi zolemba papepala basi, ndipo chimbale chilichonse chimene timamvetsera lero chimaonetsa maganizo a wotsogolera oimba komanso mphamvu za makina a nthawi yake. Anthu ambiri amayesa kuti chimbale chakale kwambiri ndicho chimatifikitsa pafupi ndi Beethoven, koma nkhaniyi si yophweka chotero.

Mu 1913, Arthur Nikisch anatsogolera gulu la Berlin Philharmonic pojambula simfoniyi yonse. Pa nthawiyo m'situdiyo munalibe maikolofoni. Oimba ankaunjikana kutsogolo kwa chilipenga chachikulu chimene chinkasonkhanitsa mawu n'kugwedeza singano yolemba paphula, ndipo popeza njira imeneyi sinkagwira bwino mawu otsika kwambiri kapena anthetemya, magulu ankachepetsedwa, nthawi zambiri ngakhale zoimbira zazikulu zansambo zinkalowedwa m'malo ndi malipenga. Mbali imodzi ya chimbale inkatenga mphindi zinayi kapena kupitirirako pang'ono, choncho nyimbo yoposa theka la ola inadulidwa m'zigawo zisanu ndi zitatu.

Ngakhale mawu ake ndi osalongosoka, chimbale chimenechi n'chamtengo wapatali chifukwa chinasunga kaimbidwe kamene kanazimiririka. Nikisch amafulumira ndi kuchedwa monga momwe mtima wamutumira, ndipo oimba vayolini amatsetsereka ndi chala kuchoka pa liwu lina kupita pa lina m'njira imene aphunzitsi a masiku ano sangailole kawirikawiri. Komabe tisaiwale kuti Nikisch anabadwa mu 1855, patapita zaka 28 Beethoven atamwalira. Chimene timamva kwa iye ndi kaimbidwe ka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, osati ka mu 1808.

Makina anasintha mofulumira pambuyo pake. Maikolofoni inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1925, zimbale zotenga mphindi zoposa 20 mbali imodzi zinatuluka mu 1948, ndipo za sitiriyo, zotulutsa mawu osiyana kumanzere ndi kumanja, zinafala kuyambira mu 1958. Tepi inabweretsa chinthu china chimene omvetsera ambiri sachiganizira: inalola akatswiri kudula malo olakwika n'kulumikiza zigawo zojambulidwa nthawi zosiyana, moti chimbale chosalala bwino sichitanthauza kuti gululo linaimba chomwecho kamodzin'kamodzi. Pa zimbale za nyengo imeneyi, ine ndimaika patsogolo cha Carlos Kleiber ndi Vienna Philharmonic, chojambulidwa mu 1974, chifukwa gululo ndi lalikulu koma silimveka lolemera, ndipo changu chake sichizirala mpaka kumapeto.

Chodabwitsa n'chakuti amene anayesetsa kubwerera ku 1808 ndi oimba a posachedwapa. Wotsogolera oimba John Eliot Gardiner, amene zimbale zake za masimfoni onse asanu ndi anayi a Beethoven zinatuluka mu 1994, anagwiritsa ntchito zoimbira zopangidwa mwachikale, monga mavayolini a nsambo za matumbo a nyama ndi malipenga opanda mavavu, ndipo anatsatira kwambiri manambala a liwiro amene Beethoven anafalitsa mu 1817. Nyimboyo imathamanga, ndipo zitoliro zimamveka poyera m'malo mokwiriridwa ndi mavayolini. Ena amaiona ngati youma, ndipo kudandaula kwawoko kuli ndi maziko.

Wofuna kuyerekezera zimbalezi amvetsere pamene gawo lachitatu likulowa m'gawo lachinayi popanda kupuma. Ng'oma imagunda chapansipansi kwa nthawi, mawu n'kumakula pang'onopang'ono mpaka gulu lonse liphulike pamodzi ndi malipenga aatali otchedwa matrombone, amene amakhala chete m'magawo atatu oyambawo. Chilipenga chojambulira cha mu 1913 sichikanatha kusunga kusiyana konseko, Kleiber amakupereka ndi mphamvu zonse, pamene kwa Gardiner malipenga amalasa khutu kuposa mmene amachitira kwa enawo.