Ojambula nyimbo m'midzi si anamapopa

Abale, zoti anthu oyenda ndi karekoda m'midzi nkumajambula agogo akuimba ndi anamapopa kapena asataniki oba mawu a munthu ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo zimandiwawa chifukwa tonse tikukumbuka 2017 ku Mulanje ndi Phalombe momwe anthu osalakwa anaphedwera kamba ka mphekesera yopopa magazi yomweyi.

Awa ndi ofufuza za chikhalidwe. Amayamba adzera kwa amfumu, kenako nkukhala pamphasa ndi amayi kujambula nyimbo za pamtondo, zotonthozera mwana, nthano, nkumafunsa tanthauzo la liwu lililonse mpaka dzuwa kupendeka. Akakufunsani za kadzidzi wolira padenga kapena chifukwa chomwe ana ankaletsedwera kudya mazira sikuti akufuna kukulodzani ayi, akungolemba zomwe makolo ankakhulupirira basi. Karekodako nchimodzimodzi foni yanuyo mukamajambula mawu pa WhatsApp.

Sizinayambe lero izi. Hugh Tracey, wofufuza nyimbo za mu Africa muno, anajambula nyimbo kuno ku Malawi m'zaka za m'ma 1950, zikusungidwa mpaka pano ku Rhodes University ku South Africa, ambiri mwa oimbawo anatisiya kalekale koma mawu awo akumvekabe. Mukakayika mufunseni mlendoyo kalata yake komanso komwe nyimbozo zikupita, ndipo ngati simukufuna kujambulidwa mungokana, palibe angakukakamizeni.