Pa sikelo, moni woyamba ndi wa mwana

Wophunzira unamwino akalowa koyamba m'chipinda cha sikelo, maso ake amathamangira pa khadi: makilo angati, katemera uti, tsiku lobweranso ndi liti. Sindimudzudzula, pakuti ndi zomwe timamufunsa pa mayeso, ndipo panja mzere wa amayi umakhala utafika pansi pa mtengo wa mango. Koma ine ndimauza ophunzira anga kuno ku Chipata kuti asanagwire khadi, ayambe apereka moni kwa mwana. Amuyang'ane m'maso, amutchule dzina, kenaka akhale chete kudikira yankho.

Kudikirako ndiko kumawavuta. Tsiku lina mtsikana wophunzira chaka chachiwiri anawerama pa khanda la masabata 10 nati, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Mtsikanayo anafuna kuweramuka msanga, ine ndinamugwira paphewa. Mwana anakweza nsidze, natsegula kukamwa, kenaka tinamva "aguu". Mayi wake anaseka mwamanyazi: "Asista, uyu sanayambe kumva zinthu." Wophunzira uja anati, "Wayankhatu, amayi. Tayesani inuyo, mawu anu ndiwo akuwadziwa."

Ananena zoona. Mwana amayamba kumva ali m'mimba, makamaka m'miyezi itatu yomaliza, ndipo amabadwa akuzindikira kale mawu a mayi wake. Maso ake amaona bwino chinthu chimene chili pa masentimita 20 mpaka 30, womwe ndi mtunda wochokera pa bere kufika pa nkhope ya womuyamwitsa. Akafika masabata 6 mpaka 8 amayamba kubweza kumwetulira. Pakati pa miyezi 6 ndi 9 mumamva "ba-ba-ba" ndi "ma-ma-ma", ndipo mawu enieni oyamba amabwera chaka chikamakwana. Zonsezi zimakula ndi kupatsirana: mwana atulutsa kamawu, wamkulu ayankha, mwana abwezanso. Wailesi kapena foni singachite zimenezi chifukwa siidikira mwana. Nalonso bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti mwana wosakwana chaka asamaonetsedwe makanema.

Wina angafunse kuti nkhani ya kulankhula ikumukhudza bwanji namwino. Tawerengani maulendo amene mayi amabwera kwa ife: pochira, pa masabata 6, 10 ndi 14, pa miyezi 9, pa miyezi 18, kuwonjezapo sikelo ya mwezi ndi mwezi. Mphunzitsi wa sukulu adzamuona mwanayu zaka zimenezi zitadutsa kale. Mu 2018 mabungwe a WHO, UNICEF ndi World Bank anatulutsa ndondomeko ya kaleredwe ka ana yotchedwa Nurturing Care, imene inaika kumvetsera ndi kuyankha mwana pamzere umodzi ndi thanzi, chakudya, chitetezo ndi mwayi wophunzira adakali wamng'ono. Wophunzira wa ku Chipata, ku Mwami kapena ku St Francis ku Katete ayenera kutuluka sukulu akudziwa kuti iyi ndi ntchito yake ngati kubaya jakisoni.

Chimene ndimaletsa kwambiri ndi kulalikira. Amayi a kwathu kuno safunika kuphunzitsidwa kuimbira mwana ali kumsana kapena kumuseweretsa pomusambitsa. Anaziona kwa agogo awo. Ambiri sadziwa chabe kuti zimene akuchitazo zikumanga ubongo wa mwana. Wophunzira aone chabwino chimene mayi akuchita kale, achitchule, kenaka awonjezepo chimodzi: pophika nsima, potola nkhuni, popita kudimba, muzimuuza zimene mukuchita, akaloza nkhuku, inu nenani kuti "nkhuku". Bambo akabwera nawo, apatsidwe mwana m'manja, nawonso amulankhule.

Palinso mantha a chilankhulo. Makolo ena m'tauni amakakamira Chingelezi chochepa chimene akudziwa, kuopa kuti Chichewa chidzamubweza mwana m'mbuyo kusukulu. Ena amada nkhawa kuti agogo akulankhula Chinsenga kapena Chitumbuka pomwe mayi akulankhula Chichewa. Zilankhulo ziwiri sizisokoneza mwana. Mulankhuleni m'chilankhulo chimene mumasekera ndi kudandaulira, chifukwa ndi mmene muli ndi mawu ochuluka.

Wophunzira ayeneranso kudziwa nthawi yoleka kulimbikitsa n'kuyamba kufufuza. Khanda losadzidzimuka chitseko chikamenyetsedwa, mwana wa miyezi 9 amene satulutsa timawu, wa miyezi 18 wopanda liwu ndi limodzi lomwe, kapena amene khutu lake limatuluka mafinya, ameneyu aonedwe ndi dokotala, osati kuuzidwa kuti "anyamata amachedwa".

Ndipo akaona mayi amene sayang'ana mwana wake, wangoti zii, maso pansi, asamukalipire. Matenda a kukhumudwa pambuyo pochira alipo ndithu, ndipo mayi wotopa mumtima mawu amamuthera. Wophunzira atseke chitseko, akokere mpando pafupi, afunse motsitsa mawu: "Amayi, inuyo mukugona bwanji usiku? Kunyumba akukuthandizani ndani?"