Lamulo Lakuti "Zindikira Kaye Usanawombe": Mafunso ndi Mayankho

Lamuloli limati chiyani?

Maiko akamamenya nkhondo ali mbali imodzi, msilikali saloledwa kuwombera kapena kuponya bomba asanatsimikize kuti amene akumuonayo ndi mdani. Kungomukayikira sikokwanira. Mpata ulipo ndi wodziteteza pamene iye mwini akuukiridwa.

Kodi kuphana okhaokha kumachitikadi kawirikawiri?

Inde. Pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991, asilikali a America 148 anafera pankhondo, ndipo 35 mwa iwo anaphedwa ndi anzawo. Pa nkhondo yomweyo ndege za America za A-10 zinapha asilikali 9 a Britain.

Nanga amazindikirana bwanji?

Ndege zili ndi chipangizo chotchedwa IFF: ina imafunsa kudzera pa wailesi, inzake n'kuyankha ndi nambala imene anagwirizana. Magalimoto a pansi amayalidwa nsalu ya olenji padenga kuti a m'mwamba aziwadziwa.

Zonsezi zilipo, ngozi zikuchokeranso kuti?

Chipangizo chimalephera, maso nawonso amanama. Pa 14 April 1994, kumpoto kwa Iraq, ndege ziwiri za America za F-15 zinagwetsa mahelikopita awiri a Black Hawk a dziko lawo lomwe. IFF sinawatsimikizire kuti ndi anzawo, ndipo oyendetsa atayang'ana anaganiza kuti ndi mahelikopita a Iraq. Anthu 26 anafa: a ku America, Britain, France, Turkey komanso Akurdi. Mu March 2003 ku Iraq, oyendetsa A-10 anaiona ndithu nsalu ya olenji pa magalimoto a Britain, koma anaiyesa mizinga. Lance Corporal Matty Hull anafa choncho.

Bwanji munthu akanena kuti amadziteteza?

Apa ndiye pamandiwawa mtima. Mu April 2002, ku Tarnak Farm pafupi ndi Kandahar ku Afghanistan, asilikali a Canada ankachita maphunziro owombera usiku. Major Harry Schmidt wa ku America, ali mu ndege ya F-16, anaona kuthwanima kwa mfuti pansi. Omutsogolera pa wailesi anamuuza kuti adikire kaye afufuze. Iye ananena kuti akudziteteza, n'kuponya bomba lolemera mapaundi 500. Anayi anafa, 8 anavulala. Patangopita kamphindi, uthenga unafika wakuti pansipo pali anzawo. Kudikira pang'ono pokha kukanapulumutsa ana a eni ake.

Wolakwa amalangidwa?

Kawirikawiri amaweruzidwa ndi dziko lake, osati dziko la omwe wapha, ndipo apa mabanja oferedwa amadandaula. Mu 2004 Schmidt anapezeka wolakwa pa mlandu wonyozera udindo. Anamudzudzula m'kalata ndi kumudula malipiro. Pa imfa ya Hull, wofufuza za imfa ku Oxfordshire ku Britain anagamula mu 2007 kuti anaphedwa mosemphana ndi lamulo, koma oyendetsa ndegewo sanabwere kudzayankha mafunso a mkazi wa malemuyo.