Florin: ndalama imene inadikira zaka 122

Mwa ndalama zakale zachitsulo zimene anthu amabwera nazo kuti tiwaonere, yomwe imazunguza kwambiri ndi ya masheleni awiri. Ina analembapo "One Florin", ina "Two Shillings", ina ilibe n'komwe manambala a chaka, pangokhala zilembo zopotanapotana zimene munthu amaziyesa zokongoletsa. Zonsezi ndi ndalama imodzi, florin ya ku Britain. Inasulidwa kuti iyambitse kawerengedwe katsopano ka ndalama, ka m'makumi, koma eni ake atangoisula anagwa mphwayi, ndipo kusinthako kunachitika zidzukulu za amene anakuyambitsa zitakalamba.

Amene anabadwa kwacha itabwera kale sanakumane nako kawerengedwe kakale, choncho tiyambire pamenepo. Paundi imodzi inali masheleni 20, sheleni imodzi inali makobidi 12, ndiye kuti m'paundi munali makobidi 240. Mtengo wa chinthu unkalembedwa m'magawo atatu, ndipo wophatikiza ankayenera kukhala tcheru: makobidi akakwana 12 asamukire ku masheleni, masheleni akakwana 20 asamukire ku mapaundi. Afunseni agogo amene anaphunzira masamu pasukulu ya mishoni, akuuzani mmene zinkawatulutsira thukuta. Dongosololi linachokera ku Ulaya wa m'nthawi ya Mfumu Charlemagne, chakumapeto kwa zaka za m'ma 700, pamene siliva wolemera paundi imodzi ankasulidwa tindalama 240.

Koma tisalinyoze ngati la anthu osaganiza. Nambala ya 240 imagawika bwinobwino pawiri, patatu, panayi, pasanu, pa 6, pa 8, pa 10 ndi pa 12. Anthu atatu akagawana paundi, aliyense ankatenga masheleni 6 ndi makobidi 8, popanda chotsala. Gawani K100 kwa anthu atatu muone ngati pasakhale wodandaula. Kwa wogulitsa pamsika, wowerengera m'mutu, dongosololi linali lomuyenera. Amene ankavutika nalo ndi kalaliki wolemba mabuku a ndalama, wa kubanki wowerengera chiwongola dzanja, ndi wamalonda amene ankagula katundu ku mayiko owerengera ndalama m'makumi. Ndipo mayiko otere ankachulukirachulukira: Russia inayamba mu 1704, America mu 1792, France mu 1795.

Mu 1847 phungu wina wa Nyumba ya Malamulo, John Bowring, anapempha kuti Britain nayo iyambe kuwerengera ndalama m'makumi. Boma silinakane, komanso silinavomere zonse. Linalola kusula ndalama imodzi yokha, yokwana gawo limodzi mwa magawo khumi a paundi, kutanthauza masheleni awiri, kuti lione mmene anthu aziilandirira. Dzina lake anabwereka kutali. Mzinda wa Florence ku Italy unayamba kusula ndalama yagolide mu 1252, yokhala ndi duwa, chizindikiro cha mzindawo, ndipo inadalirika kwambiri moti mayiko ena anatengera dzinalo. England nayo inali itayesapo florin yagolide mu 1344, pa ulamuliro wa Edward III, koma amalonda anaikana chifukwa mtengo umene anaiikira unaposa golide amene anali m'kati mwake, ndipo inachotsedwa chaka chomwecho.

Florin yasiliva inatuluka mu 1849, yolemera magalamu 11.3. Kumbuyo kwake analembapo poyera kuti "One Florin, One Tenth of a Pound", ngati kuphunzitsa anthu sukulu kudzera m'thumba. Kumaso kwake William Wyon anajambula Mfumukazi Victoria atavala chisoti chaufumu, zimene anthu anali asanazione pa ndalama yogulira zinthu kuyambira nthawi ya Mfumu Charles II. Koma chimene chinautsa mapiri pachigwa si chisoti, si kawerengedwe. Mawu ozungulira mutu wa mfumukazi anali "Victoria Regina 1849" basi. Anasiya mawu Achilatini amene ankakhalapo nthawi zonse, onena kuti iye ndi mfumukazi mwa chisomo cha Mulungu, komanso onena kuti ndi mtetezi wa chikhulupiriro. Anthu anakwiya n'kuipatsa dzina loti florin yopanda Mulungu. Chaka chimenecho kolera inali kupulula anthu m'mizinda ya Britain, ndipo panapezeka ena onena kuti mliriwo ndi chilango chifukwa cha ndalamayo. Mkulu wa nyumba yosulira ndalama, Richard Lalor Sheil, anali Mkatolika wa ku Ireland, ndiye m'dziko la Apulotesitanti sizinatenge nthawi kuti chala chimuloze iyeyo, ngakhale anakana kuti sanachite dala.

Anaikonza. Kuyambira 1851 florin inakulitsidwa pang'ono kufika mamilimita 30, mawu a chisomo cha Mulungu anabwerera mwachidule, ndipo zilembo zonse zinalembedwa m'kalembedwe kakale kotchedwa Gothic. Imeneyi ndi ija anthu amati ilibe chaka. Chaka chilipo, koma chili m'manambala Achiroma, kumapeto kwa mawu ozungulira mutu wa mfumukazi, chakumbuyo kwa phewa. Mukaona mdccclxxii, werengani motere: m ndi 1000, d ndi 500, ma c atatu ndi 300, l ndi 50, ma x awiri ndi 20, ii ndi 2. Chaka chake ndi 1872. Pa ndalama yoperepeseka pamafunika galasi lokulitsa zinthu ndi kuwala kochokera m'mbali, chifukwa zilembozi ndi zoyandikana ndipo l ndi i zimafanana. Kwa ine, pa ndalama zonse zimene Angelezi ankagulira zinthu tsiku ndi tsiku, iyi ndiyo yokongola kwambiri. Inasulidwa mpaka 1887.

Kukongola kunalipo, koma ulendo wa m'makumi unaima. Bungwe limene boma linakhazikitsa kuti liunike nkhaniyi linamaliza ntchito mu 1859 osavomereza kusintha, ndipo lina limene linapereka lipoti mu 1920 linakananso. Florin inatsala yokha, ndalama ya m'makumi pakati pa anzake owerengedwa m'ma 12, ndipo inali ndi mnansi wovuta: half crown, ya masheleni awiri ndi makobidi 6. Boma linasiya kusula half crown pambuyo pa 1850 poganiza kuti florin ilowa m'malo mwake. Anthu sanaisiye, ndipo mu 1874 inayambanso kusulidwa. Kuyambira pamenepo m'thumba limodzi munkakhala ndalama ziwiri zasiliva zosiyana kukula ndi mamilimita ochepa chabe, koma zosiyana mtengo ndi makobidi 6, amene kwa munthu wa ganyu sanali ndalama yoseweretsa. Ku South Africa florin inkatchedwa Scotchman, ndipo nkhani imene imakambidwa ndi yoti bwana wina wa ku Scotland ankalipira antchito ake akuda ndi ma florin n'kumawauza kuti ndi ma half crown. Kaya bwanayo analikodi kaya ndi nthano, dzinalo linakhazikika chifukwa chinyengo chotere chinali chotheka. Mu 1887 anayesa kusula ya masheleni anayi, florin ziwiri pamodzi, koma inkasokonezeka ndi crown ya masheleni asanu, makamaka m'malo omwera mowa mmene kuwala kunali kochepa ndipo woperekera zakumwa ndi amene ankalipira zoperewera. Inatha mu 1890.

Chimene chinasintha kwambiri florin m'zaka za m'ma 1900 ndi nkhondo. Mpaka 1919 inali siliva wa magawo 925 pa 1000. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itatha, siliva anakwera mtengo mpaka chitsulo cha m'ndalama chinatsala pang'ono kuposa mtengo wolembedwa pa ndalamayo, ndipo zikatero anthu amayamba kusungunula. Choncho kuyambira 1920 siliva anachepetsedwa kufika theka. Nkhondo yachiwiri itatha, Britain inayenera kubweza siliva amene inabwereka ku America, ndipo kuyambira 1947 florin inalibe siliva ngakhale pang'ono. Inali mkuwa wosakaniza ndi nickel, woyera m'maso mokha. Kulemera ndi kukula sizinasinthe. Dzina lenilenilo linali litachoka kale pa ndalama: kuyambira 1937, pa ulamuliro wa George VI, ankangolemba "Two Shillings".

Zaka zimenezi n'zothandiza kwa aliyense amene wapeza florin m'sutikesi ya malemu agogo. Ya 1919 kapena m'mbuyo ili ndi siliva wopitirira pang'ono magalamu 10. Ya 1920 mpaka 1946 ili ndi magalamu osakwana 6. Ya 1947 kupita m'tsogolo mtengo wake ndi wachikumbutso chabe, chifukwa zinasulidwa mamiliyoni ambirimbiri. Mphekesera zoti ndalama iliyonse yakale ya mutu wa mfumu imagula galimoto zawonongetsa anthu ndalama zathiransipoti. Zilipo zaka zina zosowa zimene osonkhanitsa amazifunafuna, koma iwo amalipira makamaka maonekedwe: tsitsi la mfumukazi likuonekabe ulusi ndi ulusi, m'mphepete simunaphwanyike. N'chifukwa chake ndimapempha kuti musaikweche ndi phulusa, mchenga kapena mankhwala otsukira ziwiya. Kuda kumene siliva amachita ndi zaka si litsiro kwa wogula, koma mikwingwirima ya kukwecha sichoka ndipo imagwetsa mtengo.

Kwathu kuno ndalamayi si mlendo. Mu Nyasaland ndi Northern Rhodesia munayenda ndalama za ku Britain, kenako za Southern Rhodesia, kenako za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zimene ya masheleni awiri inali ndi nkhwazi itagwira nsomba. Malawi italandira ufulu mu 1964 inasula zake motsatira dongosolo lomwelo: ya makobidi 6 yokhala ndi tambala, sheleni yokhala ndi chimanga, half crown, ndi florin yokhala ndi njovu ndi mwana wake, kumaso kuli mutu wa Dr Banda. Angelezi anali atachotsa kale dzina la florin pa ndalama yawo, koma pa ya Malawi linalembedwa.

Mayiko amene kale ankalamulidwa ndi Britain ndiwo anatsogola kusintha, ndipo ambiri anasankha njira yosiyana ndi imene florin inalozera. M'malo mosunga paundi n'kuigawa pa 100, anatenga masheleni khumi kukhala ndalama yatsopano. South Africa inatero ndi randi mu 1961, Australia ndi dola mu 1966, New Zealand mu 1967, Zambia ndi kwacha mu 1968, Malawi ndi kwacha mu 1971. Ubwino wake unali woti sheleni inasanduka 10 ndendende, ya makobidi 6 inasanduka 5, florin inasanduka 20. Mayi wogulitsa pamsika wa Limbe sanafunike pepala kuti adziwe kuti masheleni atatu ndi 30 tambala. Njovu zija zinasamukira pa 20 tambala, chimanga pa 10 tambala, ndipo achikulire anapitiriza kwa zaka zambiri kutchula K2 kuti paundi.

Britain inasankha kusunga paundi. Komiti ya Lord Halsbury, imene inaunika mmene kusinthaku kungachitikire n'kupereka lipoti mu 1963, inagawanika, anayi kufuna paundi, awiri kufuna masheleni khumi. Mabanki ndi amalonda akuluakulu a ku London ankaopa kuti dzina la paundi likatayika, ulemu wake pa malonda apadziko lonse utayikanso. Mu 1966 nduna ya zachuma, James Callaghan, inalengeza kuti paundi ikhalabe ndipo igawidwa pa 100. Ine ndimaona kuti ogula wamba anapatsidwa njira yovutirapo. Khobidi latsopano linali lofanana ndi makobidi akale 2.4, nambala imene palibe angaiwerengere m'mutu ali pamzere wa m'sitolo, ndipo ambiri anakhulupirira kuti eni masitolo anapezerapo mpata wokweza mitengo.

Koma kwa florin, chisankho chimenecho chinali chimene inasulidwira. Gawo limodzi mwa magawo khumi a paundi linali makobidi atsopano 10, osachotsera osawonjezera. Mu 1968 anayamba kutulutsa ndalama ya makobidi atsopano 10, yotchedwa 10p, yofanana ndi florin kukula, kulemera ndi chitsulo chomwe, kuti ziziyendera limodzi ndipo makina olandira ndalama asasinthidwe. Tsiku losintha, 15 February 1971, linapeza half crown itachotsedwa kale mu January 1970, chifukwa makobidi atsopano 12 ndi theka analibe malo m'dongosolo latsopano. Khobidi lakale ndi tiki, ya makobidi atatu, zinatha chaka chomwecho cha 1971. Ya makobidi 6 inakakamira mpaka 1980, sheleni mpaka 1990. Florin inapitirira zonsezi. Munthu wogula nyuzipepala ku Manchester cha m'ma 1980 ankatha kulandira chenji chokhala ndi mutu wa George VI, mfumu imene inamwalira mu 1952, n'kuchiwerenga 10p osaganizapo kawiri. Chinaithetsa ndi kulemera kwake: mu 1992 boma linatulutsa 10p yaing'ono ndi yopepuka, ndipo kumapeto kwa June 1993 florin pamodzi ndi 10p yaikulu zinasiya kulandiridwa m'masitolo.