Mavoti ambiri, koma ambiri kuposa a ndani?

Ndikamaphunzitsa za kayendetsedwe ka zisankho ndimayamba ndi kasamu kakang'ono. Anthu 20 a m'komiti akusankha wapampando, ndipo opikisana alipo atatu. Woyamba wapeza mavoti 8, wachiwiri 7, wachitatu 5. Ndikafunsa kuti wapambana ndani, onse amayankhira pamodzi kuti ndi wa mavoti 8. Ndikafunsanso ngati anthu ambiri m'chipindamo akumufuna, pamakhala zii. Ena amayamba kuwerenga zala, mpaka wina n'kunena chapansipansi kuti anthu 12 sanamusankhe.

Pamenepa ndi pomwe pagona kusiyana kwa mawu awiri achingerezi, plurality ndi majority. Pachisankho, plurality ndi kupeza mavoti oposa a mnzako aliyense payekhapayekha. Majority ndi kupeza mavoti oposa theka la onse, kutanthauza kuti ngakhale anzako onse ataphatikiza mavoti awo sangakupeze. Wa mavoti 8 uja ali ndi plurality, koma kuti akhale ndi majority amafunika 11. M'Chichewa zonse ziwirizi timangoti "wapeza mavoti ambiri", ndipo liwu loti ambiri limabisa funso lofunika kwambiri.

Eni Chingerezicho nawonso samvana. Ku America plurality ndi liwu lozolowereka pa nkhani za zisankho. Ku Britain ena amati relative majority, ndipo akamanena za majority ya phungu amatanthauza chabe mavoti omwe wasiyana nawo ndi womutsatira. Phungu yemwe sanafike n'komwe pa theka amanenedwabe kuti ali ndi majority ya mavoti akutiakuti. Womasulira nkhani akapanda kusamala apa amasocheretsa owerenga.

Kunja kwa ndale liwu loti plurality ndi lofatsa. Limangonena kuti zinthu zaposa chimodzi, monga momwe mtengo umasandukira mitengo, munthu n'kukhala anthu. Olemba zikalata zotetezera luso lomwe munthu watulukira akalemba kuti makina ali ndi plurality ya mawilo, mawilo awiri okha akwanira. Limagwiritsidwanso ntchito ponena za dziko lomwe muli zipembedzo, ziyankhulo ndi mitundu yosiyanasiyana. Kukhoti lalikulu la ku America, komwe kuli oweruza 9, zimachitika kuti oposa theka agwirizana za chigamulo koma asiyana pa zifukwa zake. Zifukwa zomwe zasayinidwa ndi oweruza ochulukirapo, ngakhale asakwane 5, zimatchedwa plurality opinion.

Koma pomwe liwuli limaluma ndi pa mavoti. Ku Britain phungu amapambana ndi plurality m'dera lake, ndipo zotsatira za dziko lonse zimatha kudabwitsa. Mu July 2024 chipani cha Labour chinapeza pafupifupi 34 peresenti ya mavoti onse, koma chinatenga mipando yoposa 400 mwa mipando 650 ya m'nyumba ya malamulo. Palibe anabera. Malamulo ake ndi momwe alili: m'dera lililonse wotsogola amatenga mpando, mavoti a ena onse n'kungopita padera.

Njirayi ili ndi ubwino wake, ndipo sindiinyoza. Ndi yosavuta kumva, anthu amavota kamodzi, ndalama siziwonongeka zambiri. Vuto lake ndi kugawana mavoti. Tibwerere ku komiti ija. Ngati wa mavoti 7 ndi wa mavoti 5 ali ndi maganizo ofanana, ndiye kuti agawana anthu amodzimodzi, n'kupereka mpando kwa munthu yemwe anthu 12 akumukana. Ovota akazindikira zimenezi amayamba kusiya yemwe akumukonda n'kuvotera yemwe akuwoneka kuti angathe kugwetsa amene sakumufuna. Katswiri wa ku France, Maurice Duverger, anafotokoza m'zaka za m'ma 1950 kuti n'chifukwa chake mayiko otsata njirayi amakonda kutsala ndi zipani zikuluzikulu ziwiri.

Kuti tanthauzo la liwu limodzi likhoza kugwedeza dziko, zinawoneka ku Malawi. Gawo 80(2) la malamulo oyendetsera dziko linkangoti mtsogoleri asankhidwe ndi majority. Kwa zaka zambiri liwuli linkatengedwa ngati plurality, ndipo mu May 2019 Peter Mutharika analengezedwa wopambana ndi mavoti pafupifupi 38.6 peresenti, Lazarus Chakwera 35.4, Saulos Chilima 20.2. Pa 3 February 2020 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa zotsatirazo chifukwa cha zolakwika zomwe linapeza pa kayendetsedwe ka chisankhocho, n'kunenanso kuti majority ndi mavoti oposa theka, chomwe anthu amangochitcha 50+1. Khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo mu May chaka chomwecho, ndipo chisankho chatsopano chinachitika pa 23 June. Pano ndikonzeko pang'ono zomwe ndimamva kawirikawiri: 50+1 si 51 peresenti. Ndi theka kuphatikizapo voti imodzi yokha.

Maganizo anga ndi akuti pa udindo umodzi wokhala ndi mphamvu zambiri, ngati wa mtsogoleri wa dziko, kufuna mavoti oposa theka n'koyenera, chifukwa kumakakamiza wopikisana kukagogoda pamakomo a anthu omwe si a kumbali yake. Komabe chisankho chachibwereza, chomwe awiri otsogola amapikisananso ngati palibe wadutsa theka, sichichiza zonse, popeza olowa m'chigawo chachiwiri amasankhidwabe ndi plurality. Ku France mu 2002 opikisana analipo 16, ndipo zipani za mbali ya Lionel Jospin, yemwe anali nduna yaikulu ya dzikolo, zinagawana mavoti kotero kuti iye anatsala pa nambala 3 ndi mavoti pafupifupi 16 peresenti, atapitiriridwa pang'ono ndi Jean-Marie Le Pen, yemwe analowa m'chigawo chachiwiri kukapikisana ndi mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Jacques Chirac. Chirac, yemwe m'chigawo choyamba sanafike pa 20 peresenti, anapeza 82 peresenti m'chigawo chachiwiri, ndipo ambiri mwa mavoti amenewo anachokera kwa anthu omwe masabata awiri m'mbuyomo anali atamukana.